Mitengo Yolira ya ku Chios

Mwezi wa Juni ukafika kummwera kwa chilumba cha Chios ku Greece, alimi amagwada pansi pa mitengo ali ndi masache m'manja. Amazula udzu wonse, kusesa timiyala ndi masamba, kenaka nkuwaza dothi loyera ngati ufa kuzungulira tsinde. Malo oseseratuwo amawatchula kuti trapezi, kutanthauza tebulo. Kuyambira mu Julayi, mlimi amabwera m'mamawa ndi kachitsulo kosongoka nkumatema khungwa pang'onopang'ono, ngati akutema mphini. Iwo ntchitoyi amaitcha kentima, kutanthauza kupeta nsalu. Pa mabalapo pamatuluka utomoni wowala ngati galasi, umene umadonthera pa dothi loyera lija nkuuma pakatha masabata awiri kapena atatu. Utomoniwu ndi umene Agiriki amati mastiha.

Mtengo wake ndi waufupi, wopindikapindika, ndipo abale ake amamera m'madera ambiri a nyanja ya Mediterranean. Koma kumene amaulima nkumakolola utomoni wambiri wonunkhira chonchi ndi m'midzi 24 ya kummwera kwa Chios, yotchedwa Mastichochoria. Akhristu akumeneko amati mitengoyi inayamba kulira pamene Isidore Woyera anaphedwa pachilumbapo chifukwa cha chikhulupiriro chake, cha m'ma chaka cha 250. N'chifukwa chake timibulu ting'onoting'ono ta utomoniwo amati misozi. Zoona zake n'zakuti asing'anga a ku Greece ankaugwiritsa ntchito pa matenda a m'mimba Isidore asanabadwe n'komwe.

Chimene chimandikhudza pa mbiri imeneyi n'chakuti kwa zaka mazana ambiri wotema mtengo sanali mwini wa zotuluka mu mtengowo. Mu 1346 chilumbachi chinalandidwa ndi amalonda a ku Genoa, mzinda wa ku Italy, amene anachilamulira kudzera m'kampani yawo yotchedwa Maona mpaka mu 1566. Malonda onse a mastiha anali m'manja mwawo, ndipo wopezeka ataba kapena kugulitsa mobisa ankalangidwa mwankhanza. Midzi monga Mesta, Olympi ndi Pyrgi inamangidwa kutali ndi gombe, pobisika kwa achifwamba a panyanja. Nyumba za m'mphepete zinalumikizana nkukhala linga, pakati pali nsanja yothawirako, tinjira n'topanikizika ndi tokhotakhota, ndipo zipata zinkatsekedwa dzuwa likalowa. Alendo lero amajambula zithunzi ku Mesta n'kumasirira, koma linga lomwe linkatsekereza achifwamba kunja linkathandizanso mabwana kulondera mlimi ndi zokolola zake mkati.

Ufumu wa Ottoman wa ku Turkey utalanda chilumbachi mu 1566, utomoni unkapita kwa Sultan, mfumu yawo, ngati msonkho. Amayi a kunyumba yachifumu ku Constantinople ankautafuna ngati chingamu kuti mano ayere ndi kuti m'kamwa muzinunkhira. Mpaka lero anthu a ku Turkey amatchula Chios kuti Sakız, mawu omwe amatanthauzanso chingamu. Chifukwa cha utomoniwu midzi ya mastiha inali ndi ufulu umene Agiriki ena analibe.

Ufulu umenewo unayesedwa mu 1822. Agiriki anali atayamba nkhondo yofuna kudzilamulira, ndipo mu Malichi gulu la asilikali ochokera pachilumba cha Samos linafika ku Chios kudzakolezera moto, ngakhale ambiri a pachilumbapo sankafuna nkhondo. Akanaifuna bwanji, gombe la Turkey lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 7 okha? Mu Epulo zombo za Ottoman zinafika motsogoleredwa ndi Kara Ali, ndipo anthu zikwi makumi angapo anaphedwa kapena kugulitsidwa ukapolo. Poyamba midzi ya mastiha anaisiya, poti Sultan sakanafuna kutaya utomoni wake. Koma mu Juni, msilikali wa panyanja wa Agiriki, Konstantinos Kanaris, atatentha chombo cha Kara Ali, mkwiyo unafikanso kumidzi imeneyi. Chivomerezi cha 1881 chinagwetsanso nyumba zambiri kummwera ndi kummawa, ndipo Chios inadzakhala mbali ya Greece mu 1912.

Mu 1938 boma linakhazikitsa bungwe la alimi a mastiha a ku Chios, limene limagula zokolola, kuzikonza ndi kuzigulitsa kunja. Apa ndi pamene malondawo anafika m'manja mwa olima eni ake. Bungweli limapanga chingamu chotchedwa Elma, ndipo mastiha amalowanso mu mowa wotsekemera, mu ayisikilimu, mu mankhwala otsukira mano ndi mu tsoureki, buledi wa pa Pasaka. Mu 1997 European Union inateteza dzina la mastiha kuti likhale la Chios yokha, ndipo mu 2014 UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, inaika luso la ulimiwu pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.

Ulemu wonsewo sunapepule ntchito. Mtengo umayamba kutulutsa utomoni utakwanitsa zaka pafupifupi 5, ndipo ambiri safika ngakhale magalamu 200 pa chaka. Kukolola kumachitika mu Ogasiti ndi Seputembala: zibulu zikuluzikulu, zotchedwa pita, amatola ndi manja, zotsalazo nkusesa pamodzi ndi dothi ndi masamba. Kenaka m'nyengo yozizira amayi amakhala m'magulu pakhomo, thireyi pamiyendo, akusefa, kutsuka ndi kupala kambulu kalikonse ndi nsonga ya kampeni. Anansi amathandizana, lero kwa uyu mawa kwa uyo, ndipo ntchitoyo imatenga miyezi.

Mdani wa masiku ano ndi moto wolusa. Mu Ogasiti 2012 moto unayaka masiku angapo nkuwononga minda yambiri ya mastiha, utsi wake mpaka kufika ku chilumba chakutali cha Crete. Unabweranso mu Julayi 2016, ndipo mu Juni 2025 boma linalengeza kuti chilumbachi chili pa ngozi chifukwa cha moto wina. Mvula yogwa mosayembekezereka mu Ogasiti kapena Seputembala nayo imaononga utomoni uli pansi usanatoledwe. Mlimi wachikulire amene munda wake wapsa amadzala nthambi zatsopano akudziwa kuti zokolola zenizeni zidzabwera patatha zaka zoposa 10, ndipo ana ambiri amene akanadzatema mitengoyo ali ku Athens kapena pa sitima zapamadzi.