Likodzo ndi maiwe a nsomba pa malo osangalalirapo m'mbali mwa mitsinje ya mu Lilongwe

Amene akukonza zokumba dziwe la nsomba loti anthu azikawedzako ndi kupumulako m'dambo la mtsinje wa Lilongwe, Lingadzi kapena Nankhaka, ayambe aganizira za chimbudzi asanaganizire za chambo ndi makumba. Madzi odekha okhala ndi udzu m'mphepete ndiwo amene nkhono zofalitsa likodzo zimaswanamo kwambiri.

Munthu wodwala likodzo akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira a tizilombo amaswa n'kulowa mu nkhono. Pakapita milungu ingapo, timphutsi tosaoneka ndi maso timatuluka mu nkhonomo ndi kuboola khungu la aliyense amene walowa m'madzi, kaya akusambira, akuchapa kapena akuchotsa mbedza yokodwa m'bango. Kudya nsomba yophika bwino ya m'dziwemo sikupatsa munthu likodzo. Vuto ndi kuponda madziwo. Chizindikiro chodziwika ndi magazi m'mkodzo, ndipo kuganiza kuti mnyamata wokodza magazi wakula ndi kulakwa kwakukulu, chifukwa matendawa akakhalitsa amawononga chikhodzodzo, impso ndi chiwindi, pomwe kwa amayi amatha kubweretsa zilonda m'njira yoberekera. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amapezeka m'zipatala ndiponso amaperekedwa kwa ana m'sukulu, koma munthu wochira akabwerera m'madzi omwewo amatenganso matendawa.

N'chifukwa chake zimbudzi zimangidwe pamtunda pomwe madzi osefukira safika, kutali ndi dziwe, ndipo maenje ake awakidwe ndi njerwa. Anthu a ku Mtandire akukumbukira mmene Lingadzi unasefukira mu 2017. Madzi otere akamiza chimbudzi amatengera zonyansa zonse m'dziwe ndi m'zitsime zapafupi, ndipo ndi momwenso kolera imafalikira, monga inavutitsira mzinda uno mu 2022 ndi 2023.

Mphepete mwa dziwe musamere thengo. Udzu ndi namasupuni zizichotsedwa kawirikawiri ndi antchito ovala jombo ndi magolovesi, ndipo owedza akonzeredwe pouma poimapo kuti asamatsikire m'madzi. Ana asaloledwe kusambira m'dziwe ngakhale kutatentha chotani mu Okutobala. Malo awo osewerera akhale patali, dziwelo litchingidwe ndi mpanda, pakuti kumira nakonso kumapha. Maenje otsala pokumba akwiriridwe msanga, chifukwa mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, zithaphwi zopanda nsomba ndizo zimaswa udzudzu wa malungo.

Pamalopo pakhale madzi aukhondo akumwa ndi osamba m'manja, pamodzi ndi sopo. Musanayambe kukumba, kaonaneni ndi khonsolo ya mzinda komanso alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ndipo antchito onse okhudza madzi a m'dziwe aziyezetsa mkodzo ndi chimbudzi kuchipatala nthawi ndi nthawi, ngakhale asakumva kupweteka kulikonse.