Kabasi kodzakutenga pakhomo: mmene paratransit inasandukira ufulu ku America

Pa 5 Julayi 1978, pamphambano ya misewu ya Colfax ndi Broadway mumzinda wa Denver, anthu olumala 19 anazinga mabasi awiri ndi njinga zawo n'kukana kusuntha. Ena anatsika panjingapo n'kugona pa tala. Anachezera pomwepo, akukuwa kuti nawonso akwera basi, zivute zitani. Chinawapsetsa mtima n'chakuti bungwe loyendetsa mabasi mumzindawo, RTD, linali litangogula mabasi atsopano oposa 200 opanda chikepe chokwezera munthu wapanjinga. Basi yatsopano imatha zaka zoposa khumi pamsewu, ndiye iwo anawerengera zaka zimene adzakhale akungoiona ikudutsa.

Ambiri mwa anthuwa anali atatuluka m'nyumba yosungiramo okalamba ndi odwala, mothandizidwa ndi m'busa wina wa Presbyterian, Wade Blank, amene anayambitsa nawo gulu la Atlantis Community. Kutulukako kunali kuyamba chabe. Munthu ukapeza nyumba yakoyako koma sungafike kuntchito, kusitolo kapena kwa mnzako, ndiye kuti wangosamutsa ndende.

Akuluakulu a mabasi, ku Denver ndi m'mizinda ina, anali ndi yankho lokonzeratu: mabasi akuluwa asiyeni, ife tizikutumizirani kabasi kanukanu. Kabasi kameneka ndi kamene amati paratransit. Sikali ngati minibasi yathu ija yoti ungoimika ndi dzanja pasiteji. Umayamba waimba foni, n'kunena kumene uli ndi kumene ukupita, kenako galimoto imabwera kudzakutenga, nthawi zambiri ili ndi anthu ena oti iwatsitse m'njira. Pakamwa zimamveka bwino. Koma m'zaka zimenezo umayenera kulembetsa kudakali masiku angapo, madzulo ndi Lamlungu kunali zii, ndipo wapafoni amatha kukufunsa kuti ukukatani kumeneko. Wopita kuchipatala amatsogola, wopita kukacheza amauzidwa kuti malo atha. Omenyera ufulu wa olumala ankati uku n'kusankhana kovala jekete, ndipo m'dziko limene linali litangochoka kumene m'nyengo yokhazika anthu akuda kumbuyo kwa basi, mawu amenewo ankaluma.

Chodabwitsa n'chakuti kabasi komweko, kamene anthu anagonera pamsewu pokakana, ndi kamene lero akulimbirana m'makhothi kuti kaziyenda bwino. Kuti timvetse mmene zinatembenukira, tiyenera kubwerera kumalamulo.

Mu 1970 nyumba yamalamulo ya America inalemba kuti okalamba ndi olumala ali ndi ufulu wokwera mabasi ndi sitima monga wina aliyense, koma mawuwo analibe mano. Mu 1973 kunabwera lamulo la Rehabilitation Act, lomwe ndime yake ya 504 inaletsa bungwe lililonse lolandira ndalama za boma lalikulu kusala munthu chifukwa cha ulumali. Ndimeyi inakhala zaka zinayi osagwira ntchito chifukwa nduna sizinasaine malangizo ake, mpaka mu Epulo 1977 pamene olumala, motsogozedwa ndi Judy Heumann ndi Kitty Cone, anakamanga msasa mu ofesi ya boma ku San Francisco kwa milungu pafupifupi inayi. Nduna Joseph Califano inasaina pa 28 Epulo. Mu 1979 unduna wa zamtengatenga unalamula kuti mabasi atsopano azikhala ndi chikepe. Bungwe la oyendetsa mabasi m'dziko lonse, APTA, linathamangira kukhothi ponena kuti ndalama zake n'zosanyamulika, ndipo mu 1981 linapambana. Boma la Ronald Reagan linasiya nkhaniyi m'manja mwa mzinda uliwonse: wofuna zikepe aike, wofuna tibasi tapadera agule timeneto. Mizinda yambiri inasankha chimene inkaganiza kuti n'chotchipa.

Apa ndi pamene gulu la ku Denver lija linakula n'kukhala ADAPT mu 1983. Njira yawo inali imodzi: kulikonse kumene APTA ikuchitira msonkhano wake, iwo aliko, atseka zitseko za hotela, adzimangirira kumabasi ndi maunyolo, amangidwa, chaka chamawa abweranso. Mu 1989 khothi la apilo ku Philadelphia linathetsa ndime imene inkalola bungwe la mabasi kusamba m'manja likangowononga 3 peresenti ya bajeti yake pa olumala. Pa 12 Malichi 1990 anthu anasiya njinga ndi ndodo zawo pansi n'kukwawa masitepe a nyumba yamalamulo ku Washington, pakati pawo pali kamtsikana ka zaka 8, Jennifer Keelan. Pa 26 Julayi chaka chomwecho, Pulezidenti George H. W. Bush anasaina lamulo loteteza ufulu wa olumala la Americans with Disabilities Act, lomwe aliyense amangoti ADA.

Lamuloli linadula mkangano wa zaka makumi awiri mwa kupereka zonse ziwiri. Basi iliyonse yatsopano iyenera kukhala yoti wapanjinga akwere. Ndipo bungwe la boma lililonse loyendetsa mabasi kapena sitima zamumzinda panjira zokhazikika liyeneranso kukhala ndi paratransit, osati yolowa m'malo mwa basi yaikulu, koma yothandiza okhawo amene basi yaikuluyo ingawakanikebe. Unduna wa zamtengatenga unatulutsa malangizo ake mu Sepitembala 1991, n'kupatsa mizinda mpaka pa 26 Januwale 1997 kuti ikhale itakwaniritsa zonse. A ADAPT ataona kuti ya mabasi yatheka, anatembenukira kunkhani ya anthu othandiza olumala m'makomo.

Malangizo a 1991 aja ndiwo muyeso mpaka lero, ndipo mzere uliwonse ukuyankha dandaulo lakale. Kabasi kayenera kufika paliponse pamene pali pamtunda wa magawo atatu mwa anayi a mailo kuchokera panjira ya basi, mbali zonse ziwiri, womwe ndi pafupifupi makilomita 1.2. Ukaimba lero, mawa uyenera kutengedwa. Angakambirane nawe za nthawi, koma osakusunthira kuposa ola limodzi. Mtengo usapose kawiri mtengo wa basi wamba, ndipo wokuthandiza paulendo salipira. Masiku ndi maola amene basi yaikulu imayenda, kabasinso kayende. Funso lija lakuti ukukatani linaletsedwa: wopita kukaonera mpira ndi wopita kukatsukitsa impso ali pamzere umodzi. Ena zimawavuta kuvomereza zimenezi, koma dalaivala wa basi yaikulu safunsa munthu chimene akukachita m'tauni, ndiye wa kabasi afunsirenji?

Mzere wovuta kwambiri ndi woletsa kuchepetsa ntchito mwakabisira. Bungwe silinganene poyera kuti sititenga anthu, koma likhoza kulemba ntchito anthu awiri okha oyankha mafoni, munthu n'kudikira pafoni mpaka kutopa. Likhoza kufika mochedwa tsiku ndi tsiku, kapena kukuzungulitsa mzinda wonse maola awiri paulendo umene basi wamba imautha m'mphindi 40. Zonsezi malangizo amaziwerenga ngati kumana munthu ulendo, ngati zikuchitika mobwerezabwereza. Ku Philadelphia, khothi linagamula mu 2001 kuti bungwe la mabasi la SEPTA linkaphwanya lamulo pokaniza anthu maulendo ambirimbiri. Ku Rochester, m'chigawo cha New York, khothi la apilo linanena mu 2003 kuti bungwe liyenera kukonzekera kutenga onse olembetsa ulendo wamawa, osati kuikiratu m'bajeti kuti ena adzatsala.

Nanga woyenera kukwera ndani? Kalata ya dokotala yonena kuti munthu ndi wolumala siikwanira, chifukwa funso si dzina la matenda, koma ngati munthuyo angathe kufika pasiteji, kukwera, n'kudziwa potsikira. Pali amene amavomerezedwa kotheratu, pali ovomerezedwa kwa kanthawi, ndiye pali a pakatikati, amene amaloledwa kabasi pokhapokha kukagwa chipale chofewa, kukada, kapena ngati njira yakusiteji ilibe poyenda njinga. Mizinda yambiri imaitana munthu kuti akamuyese pamaso: akwere kasitepe, awoloke msewu, awerenge chikwangwani. Bungwe likapanda kuyankha pempho pasanathe masiku 21, munthuyo amayamba kukwera mpaka yankho litabwera, ndipo akakanidwa ali ndi masiku osachepera 60 ochita apilo. Mlendo wochokera mumzinda wina ali ndi masiku 21 pachaka okwera popanda kulembetsanso.

Pamene mabungwe ambiri amagwa nayo ndi pa chilango cha osapezeka pamalo. Taonani mmene zimakhalira. Mayi wosaona walonjezedwa kabasi pakati pa 9:00 ndi 9:30. Waima pakhomo lakumaso la chipatala. Dalaivala wafika kukhomo lakumbuyo, wadikira mphindi zisanu, walemba kuti sanampeze, wapita. Zikachitika katatu pamwezi, kalata ifika yoti waimitsidwa kukwera. Kwa zaka zambiri malamulo a m'mabungwe anali otero: katatu basi, mwezi wathunthu uli pakhomo. Bungwe la boma loyang'anira mabasi, FTA, lakhala likuwauza kuti akonze. Kuphonya katatu kwa munthu wokwera kawiri pamlungu n'kosiyana ndi kwa munthu wokwera kawiri tsiku lililonse, choncho ayenera kuona kuchuluka kwa maulendo ake. Kuphonya chifukwa cha kudwala mwadzidzidzi kapena kulakwitsa kwa dalaivala sikuwerengedwa. Chilango choyamba chikhale cha masiku ochepa, ndipo munthu akachita apilo apitirize kukwera mpaka nkhani itatha. Ukaphonya ulendo wopita, asangofufuta okha wobwerera, poti mwina wapita pa galimoto ya mnansi ndipo ukudalira kabasiko kuti ubwerere. Ndime zoterezi ndi zimene makomiti a m'mizinda amakhalira pansi kuzilembanso akamva kuti oyendera a FTA, amene amabwera zaka zitatu zilizonse, ali m'njira.

Kumbuyo kwa zonsezi kuli ndalama, ndipo pano oyendetsa mabasi sakunama. ADA inabwera ndi udindo koma yopanda thumba lakelake. Ulendo umodzi wa kabasi umadya ndalama zochuluka kangapo kuposa wa basi wamba, pamene wokwera amalipira kachigawo kochepa. Basi yaikulu ikadzaza, mtengo wa munthu mmodzi umatsika. Kabasi kakachuluka okafuna, bajeti imangofufuma, ndipo anthu akukalamba. N'chifukwa chake ntchitoyi imaperekedwa kumakampani a kontrakiti, amene madalaivala awo sachedwa kusiya. Boston inayamba kuyesa Uber ndi Lyft, makampani a magalimoto oitana pafoni, mu 2016, New York nayo inayesa matakisi oitana pafoni mu 2017. Amene angathe kukwera galimoto wamba anasangalala, poti kwa nthawi yoyamba amatha kunyamuka tsiku lomwelo. Wa njinga yamagetsi yolemera anapeza kuti magalimoto omukwana ndi owerengeka. Ku New York komweko, kumene okwera paratransit yakumeneko, Access-A-Ride, anaipatsa dzina lachipongwe loti Stress-A-Ride, unduna wa zachilungamo unalemba kalata mu 2022 yonena kuti kuchedwa ndi kutalika kwa maulendo kukuphwanya ADA.

Mkangano umene unatenga nthawi yaitali kwambiri ndi wa mamita ochepa chabe, apakati pa msewu ndi chitseko. Malangizo amati munthu atengedwe pamene akuchokera mpaka pamene akupita. Mabungwe ambiri anamasulira kuti m'mphepete mwa msewu mpaka m'mphepete mwa msewu, dalaivala osatsika. Mu 2005 unduna wa zamtengatenga unafotokoza kuti amene sangafike yekha kumsewu ayenera kuthandizidwa kuchokera pakhomo. Koma makhothi anali atayamba kale kukokera kwina. Ku Dallas, banja lina linali ndi mwana wapanjinga ndipo kumaso kwa nyumba yawo kunali chitunda chotsetsereka kwambiri. Kwa zaka, kabasi kankamutengera kukanjira kakuseri kwa nyumba, mpaka bungwe la mabasi la DART linaletsa kulowa m'tinjira totero ponena za ngozi. Makolowo anasuma, ndipo mu 2004 khothi la apilo linati bungwe silikakamizidwa kupinda lamulo lake chifukwa cha munthu mmodzi. Ku Portland, mayi wina amene ankachita chizungulire ndi mseru m'kabasi anapempha kuti azimutumizira galimoto yaing'ono. Mu 2009 nayenso analuza.

Unduna unayankha mu Malichi 2015 ndi lamulo latsopano, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Julayi: bungwe liyenera kusintha kachitidwe kake pamene munthu sangathe kukwera popanda kusinthako, pokhapokha ngati kutero kungaike ena pangozi kapena kusandutsa ntchitoyo kukhala ina. Anaikapo ndi zitsanzo, zina zazing'ono mochititsa chidwi. Wodwala shuga aloledwe kudya m'galimoto ngakhale pali chikwangwani choletsa. Dalaivala amugwire dzanja wokwera podutsa pa chipale, amutsegulire chitseko chakunja, akamutengere kukhomo limene iye wapempha ngati nyumbayo ili ndi makomo angapo, ndiponso amuthandize kuponya ndalama m'bokosi ngati manja sakulola, koma asapise m'thumba mwake. Zokanidwa ziliponso: dalaivala sasunga galu wotsogolera wosaona, sanyamula munthu m'manja kupatula pangozi, ndipo wokwera sasankha dalaivala. Pempho ngati la banja la ku Dallas tsopano liyenera kumvedwa ndi kuyezedwa, ngati kanjirako galimoto ingalowemo bwinobwino. La mayi wa ku Portland lija, lofuna galimoto ya mtundu wakutiwakuti, lili pamndandanda wa zimene bungwe lingakane.