Matemba kapena mlamba? Za mercury m'ndiwo zathu

Kusikelo timauza amayi oyembekezera kuti azidya nsomba, ndipo uphunguwu sitisintha. Chomwe tiyenera kuwonjezera ndi mtundu wa nsombayo, chifukwa cha mercury.

Mercury ndi chitsulo chamadzimadzi chonyezimira chija cha m'mathemometa akale. Amapezekanso m'mababu aataliatali, m'mabatire ena ang'onoang'ono ndi m'mafuta ena oyeretsa khungu. Zoterezi zikaotchedwa kudzala kapena kukokoloka ndi mvula, amakathera m'madzi. Kuno ku Zomba, mitsinje ya Likangala ndi Domasi imathira m'nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulukira, choncho zolowamo zimakhazikika m'matope.

Vuto limayambira m'matopemo. Tizilombo tosaoneka ndi maso timasandutsa mercury kukhala methylmercury, yemwe amakanirira mu mnofu wa chamoyo. Kansomba kamatolako pang'ono m'zakudya zake. Mlamba ukadya tinsomba totero chaka ndi chaka, umasunga wa tonse tomwe unameza, ndipo ukamakula ndi kukalamba, amachulukirachulukira. N'chimodzimodzi mbalame zomwe alenje amagwira m'madambo a Chilwa: zodya nsomba zimasunga wambiri kuposa zodya mpunga ndi mbewu za udzu. Nsomba za m'maiwe, zodyetsedwa madeya ndi kukololedwa zisanakalambe, nthawi zambiri zimakhala ndi wochepa.

Ambiri amaganiza kuti moto umatha zonse. Kuwamba, kuyanika, kukazinga, palibe chomwe chimachotsa mercury m'nsomba. Sanunkha, ndipo pakamwa samveka.

Dziko linaphunzira izi ku Minamata, ku Japan, komwe mu 1956 madokotala anazindikira matenda achilendo pakati pa mabanja a asodzi. Fakitale ina inkatayira mercury m'nyanja. Anthu ankachita dzanzi m'manja ndi m'milomo, ankayenda modzandira, maso ankaona kutsogolo kokha. Amayi ena omwe ankaoneka abwinobwino anabereka ana owonongeka ubongo, poti poizoniyu amadutsa kwa mayi n'kufika kwa mwana m'mimba. Pangano la mayiko lothana ndi mercury la mu 2013 linatenga dzina la mzindawu.

Kwa mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana wamng'ono, ine ndimati matemba ndi usipa zikhale ndiwo za masiku onse. Tinsomba timeneti sitikhalitsa ndi moyo, ndipo timadyedwa ndi minga yomwe, yomwe imalimbitsa mafupa. Chimlamba chija timachinyadira pa doko la Kachulu ku Chilwa chikhale cha apo ndi apo. Ndipo babu lophwanyika kapena batire lakutha musatayire pafupi ndi dziwe, dimba kapena popalasa nkhuku.