Batire likamatha moto pa njinga yakale, musathamangire kugula lina

Mwezi watha pa galaja pathu panafika mdala wina wochokera ku Chadiza, atakwera njinga yamoto ya Yamaha AG100 yomwe utoto wake unasuluka kalekale. Asanakhale n'komwe pansi anatulutsa m'thumba mabatire awiri akufa n'kuwaika patebulo. Batire lachitatu linali panjingapo, nalonso likupuma movutikira. Onse atatuwo anawagula m'chaka chimodzi.

"Mwanawe, mabatire a masiku ano ndi achinyengo. Undipezere lenileni," anatero.

"Atate, lenileni lipezeka. Koma mundilole ndiyambe ndaona chimene chapha awiriwa," ndinawayankha.

Batire silipanga moto. Lili ngati mtsuko, limangosunga zimene lathiridwa. Mtsuko ukamapezeka wouma m'mawa uliwonse, mwina wabooka, mwina madzi sakufikamo, apo ayi otunga achuluka kuposa othira. Pa njinga zimene zimafika kwa ine, nthawi zambiri mtsuko umakhala wosalakwa.

Njinga zakale zimanyenga mwini wake. Zambiri zimene alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo ankayendera kuno kum'mawa kwa Zambia, monga AG100, DT125 ya Yamaha, CG125 ndi XL125 za Honda, zimalira ndi kiki ndipo moto wa pulagi umachokera ku magineto, kagudumu ka maginito kozungulira ndi injini, osati ku batire. Pa zambiri mwa izo ngakhale nyale yakutsogolo imadya moto wochokera mwachindunji ku koyilo, waya wokulungidwa wopanga moto m'injini. Ndiye munthu amati, "Njinga ikulira, nyale ikuwala, kutchaja kuli bwino." Chikhalirecho batire lakhala mwezi wathunthu osalandira kanthu. Zimene zimaulula ndi hutala yolira ngati chule wa m'dambo, indiketa yongoyaka osaphethira, ndi kababu ka nyutulo kozilala mukaponda buleki.

Choyamba dziwani ngati njinga yanu ili ya 6 volts kapena 12. CG125 inayamba kupangidwa mu 1975 ili ya 6 volts, ya 12 inabwera pambuyo pake, choncho dzina lokha silikuuzani. Werengani pa batire, koma werenganinso pa mababu ndi pa hutala, chifukwa mwina amene anakugulitsani njingayo anangoikapo batire lililonse limene linakwana m'bokosimo. Batire lokhala ndi zivindikiro zitatu ndi la 6 volts, la zivindikiro zisanu ndi chimodzi ndi la 12. Pansi pa chivindikiro chilichonse pali chipinda, ndipo chipinda chilichonse chimasunga pafupifupi 2.1 volts.

Chida chimene mukufunika ndi chimodzi, multimeter, imene ife timangoti mita. Imapezeka m'masitolo a zamagetsi m'tauni muno ndipo yotchipa yomwe imagwira ntchitoyi. Ikani pa DC, pamene palembedwa 20, waya wofiira ku pulasi, wakuda ku mayinasi. Yezani njinga itagona usiku wonse, osati mutangoitsika. Batire la 12 volts lodzaza limaonetsa 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Likaonetsa 12.2 lili cha pakati, likatsika pansi pa 12 ndiye kuti latha. La 6 volts lodzaza limaonetsa 6.3. Mukalitchaja usiku wonse koma n'kumaima cha pa 10.5, kapena cha pa 4.2 kwa la 6 volts, chipinda chimodzi chafa ndipo palibe mankhwala. Pamenepo pokha ndi pomwe ndimauza munthu kuti akagule lina asanayeze china chilichonse.

Batire lina limaonetsa nambala yabwino likangokhala, koma kungoliza hutala nambalayo imagwa ngati mango akupsa. Limenelo lakalamba mkati.

Tsopano lizani injini mita ili pomwepo pa batire, mukoke mafuta mpaka pakatikati. Pa njinga ya 12 volts nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Pa ya 6 volts ifike cha pa 7. Ikangokhala pomwe inali injini isanalire, moto sukufika. Ikadumpha 15 n'kumapitabe, moto wachuluka ndipo batire likuwira. Mudzaona madzi akutha msanga, mababu akupsa pafupipafupi, mwinanso fungo ngati la dzira lovunda pansi pa mpando. Bwerezani kuyezaku mutayatsa nyale zonse, chifukwa njinga zina zimatchaja bwino masana koma usiku zimalephera.

Pali mayeso ena amene anyamata ambiri amakonda, ochotsa waya wa batire injini ikulira kuti aone ngati izime. Musalole. Pa njinga ya magineto sizima ngakhale kutchaja kutafa, ndiye simunaphunzire kanthu. Choipa n'chakuti njinga zambiri zakale za 6 volts zilibe regyuleta, kachipangizo koletsa moto kupitirira muyezo, choncho batire lomwelo ndilo limameza moto wopitirira. Mukalichotsa n'kukoka mafuta, mababu amapsa onse kamodzi. Ichi ndi chifukwa chakenso batire louma madzi limapsetsa mababu, ndipo munthu amagula babu sabata iliyonse osadziwa kuti nthenda ili pansi pa mpando.

Ngati moto sukufika, musayambe ndi kumasula injini. Tsatirani waya ngati mukutsata mapazi a mbuzi yosochera, kuyambira pa batire kubwerera m'mbuyo. Apa ndi pamene ndimapeza matenda ambiri, ndipo ndi pamene pamatha ndalama zochepa kwambiri. Onani mitu ya batire ngati yamera ufa woyera kapena wobiriwira. Onani fyuzi, osati ngati yapsa pokha, koma ngati timano toigwira tachita dzimbiri kapena tamasuka. Mukapeza kuti wina anakulunga pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi, chotsani lero lomwe. Waya akachita shoti, chimene chidzapse ndi njinga. Kenako solani zolumikizira chimodzichimodzi. Njinga imene yawoloka madambo nyengo ya dzinja kwa zaka makumi atatu, n'kumwanso fumbi la msewu wa ku Vubwi chilimwe chilichonse, zolumikizira zake zimabiriwira mkati pomwe kunja zikuoneka zabwinobwino. Cholumikizira chimene pulasitiki yake yada kapena yasungunuka chikukuuzani kuti moto ukuvutika kudutsapo ndipo ukusanduka kutentha.

Waya wa ethi ndiye amaiwalidwa kuposa onse. Moto umafuna njira yobwerera, ndipo njirayo ndi chitsulo cha njinga. Pomwe waya wa mayinasi wamangidwa ku felemu pakachita dzimbiri, kapena wina akapentapo pokongoletsa njinga, kutchaja kumafooka. Kuyeza kwake n'kosavuta. Injini ikulira, nyale zili zoyaka, gwiritsani waya umodzi wa mita pa mayinasi ya batire, winawo pa chitsulo cha injini. Nambala ikhale pafupi ndi ziro. Ikafika cha pa 0.3 kapena kupitirira, masulani bawuti, mupale mpaka chitsulo chiwale, mumangenso n'kupaka girisi pamwamba.

Samalani ndi mitundu ya mawaya. Pa Honda, wobiriwira ndiye ethi, ndipo wakuda amakhala ndi moto mukatsegula kiyi. Pa Yamaha wakuda ndiye ethi. Ndaonapo waya wonse wa njinga utapsa chifukwa wophunzira ntchito anazolowera Yamaha n'kukamanga waya wakuda wa Honda ku felemu. Ndipo ngati m'nyumba mwanu mukusungidwa BSA kapena Triumph ya agogo ya masiku amene Chipata inkatchedwa Fort Jameson, dziwani kuti njinga zambiri za ku Britain za nthawi imeneyo zimamanga pulasi ku felemu, osati mayinasi. Kuika batire chozondoka kumapha rekitifaya nthawi yomweyo.

Rekitifaya ndi chiyani? Koyilo ya m'injini imapanga moto wopita uku ndi uku, wa AC, pomwe batire limalandira wopita mbali imodzi, wa DC. Rekitifaya ndi chitseko cholola moto kulowa koma osabwerera. Pa njinga zazing'ono ndi kachinthu kakuda kokhala ndi miyendo iwiri. Ikani mita pa chizindikiro cha diode muyeze mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi ionetse cha pa 0.5 kapena 0.6, inayo isaonetse kanthu. Ikatsegula mbali zonse ziwiri, batire limakha moto usiku kubwerera ku koyilo. Ikatseka mbali zonse, batire sililandira. Njinga zakale kwambiri zili ndi rekitifaya ya selenium, timbale tosanjikizana nthawi zambiri tofiirira. Imeneyi imafooka ndi ukalamba ngakhale njinga itangoimikidwa, ndipo ikapsa utsi wake musaupume. Ya silicon imalowa m'malo mwake bwinobwino. Pa njinga za 12 volts rekitifaya ndi regyuleta zimakhala m'kabokosi kamodzi ka zipsepse, ndipo kamafa ndi kutentha, makamaka kakamatidwa ndi matope kapena kakamangidwa pobisika mphepo.

Koyilo ndimaiyeza pomaliza. Solani mawaya ochokera m'injini, ikani mita pa AC, pa 200, lizani injini. Nambala ikwere pamene mukukoka mafuta, kufika makumi angapo. Ngati pali mawaya atatu achikasu, yezani awiriawiri, ndipo nambala zitatuzo zifanane. Pa koyilo ya mawaya atatu imeneyi, palibe waya woyenera kulumikizana ndi chitsulo cha injini. Koma apa amakanika ena amalakwitsa: pa njinga zambiri zazing'ono zakale, mbali imodzi ya koyilo inamangidwa dala ku chitsulo ndi opanga njingayo. Mita ikalira pamenepo sindiye kuti koyilo yapsa, ndipo ndaona makoyilo abwino atatayidwa pa chifukwa chimenechi. Pochotsa magineto gwiritsani ntchito pula yake, chida choikokera. Nyundo imapinda shafiti, imathanso kuswa kapena kufooketsa maginito, ndipo maginito ofooka amatchaja mofooka ngakhale koyilo ili yatsopano.

Kwatsala otunga. Njinga zimenezi zinapangidwa kuti zidyetse nyale, indiketa ndi hutala basi. Lero zasenzetsedwa wailesi, sipika, tchaja ya foni ndi timagetsi tokongoletsa. Babu la galimoto la 55 watts limakoka pafupifupi 4.6 amps pa 12 volts, pomwe batire la njinga yaing'ono ndi la 5 Ah kapena pafupi pamenepo (Ah ndiwo muyezo wa moto umene batire lingasunge). Popanda kutchaja, babu lokhalo lilimaliza mu ola limodzi. Onjezani pamenepo mayendedwe a m'tauni ya Chipata, kuchoka ku Kapata kupita ku Saturday Market, kuima, kudikira munthu injini ikungolira pansipansi. Pa liwiro limenelo njinga yakale siitchaja pafupifupi konse. Ndipo tchaja ya foni yolumikizidwa molunjika ku batire imadya ngakhale kiyi ali m'thumba. Kuti mugwire wakubayo, tsekani kiyi, masulani waya wa mayinasi, ikani mita pa amps pakati pa wayayo ndi batire, kuyambira pa 10A n'kumatsika. Njinga yakale yopanda alamu iyenera kuonetsa pafupifupi ziro. Musakanikize sitata mita ili pamenepo, ipsa.

Za kasamalidwe ka batire lenilenilo ndinene mwachidule. Madzi akatsika thirani madzi a batire ogula m'botolo, osati a pamjigo kapena a pachitsime, chifukwa mchere wa m'nthaka umawononga mbale zamkati. Asidi sawonjezera, chimene chimauluka ndi madzi okha. Anthu a ku chigwa, ku Mambwe ndi Mfuwe, aziona madziwo kawirikawiri miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Potchaja, moto ukhale gawo limodzi mwa magawo khumi a nambala ya Ah, ndiye kuti 0.5 amps kwa batire la 5 Ah, kwa maola pafupifupi khumi. Tchaja ya mabatire a galimoto imaliwiritsa, chimodzimodzi sola yolumikizidwa popanda kontirola, popeza sola yotchedwa ya 12 volts padzuwa imatulutsa 18 kapena kuposa. Fodya ndi mbaula zikhale patali, mpweya wotuluka potchaja umaphulika. Njinga ikaima dzinja lonse chifukwa misewu yaduka, masulani batire muzilitchaja kamodzi pamwezi. Likakhala nthawi yaitali lili lopanda moto, mbale zake zimauma ndipo silidzadzazanso. Batire lomata, losathira madzi, ndi labwino pa njinga ya regyuleta, koma pa yopanda regyuleta ine sindilivomereza, chifukwa likawira simungabwezeremo madzi ndipo limatupa.

Njinga ya mdala uja rekitifaya inali bwino, koyilo inali bwino. Nthenda inali pa waya woyera wochokera ku magineto, pa cholumikizira chomwe chinabiriwira mpaka kutsala tiulusi tiwiri togwira. Paipi yaing'ono yotulutsa mpweya wa batire inathothoka kalekale, ndipo nthunzi ya asidi inkagwera pomwepo. Tinadula, tinalumikiza chatsopano, tinabwezera kapaipi, ndipo mita inakwera kufika pa 7. Mwa mabatire awiri a patebulo aja, limodzi linadzuka titalitchaja pang'onopang'ono usiku wonse. Analikulunga m'pulasitiki n'kulimanga pa keriyala choimirira, ati likayatsa wailesi kunyumba.