Malangizo a bizinesi ndi aulere, koma mzere uli ku ngongole

Anthu ambiri amene amabwera kwa ine pa nkhani ya bizinesi amafuna ndiwauze komwe angatenge ngongole. Amatchula bungwe la boma lobwereketsa ndalama la NEEF, amatchula mabanki. Ndikawafunsa phindu limene anapeza mwezi watha, yankho limangokhala lakuti "zikuyenda ndithu." Zimandimvetsa chisoni, chifukwa munthu amene sadziwa phindu lake sangadziwenso ngati ngongoleyo adzaibweza, pamene maphunziro a zimenezi angawapeze osalipira kanthu.

Tiyerekeze mayi wokazinga mandasi. Amadziwa mtengo wa ufa, mafuta, shuga ndi yisiti. Koma makala saawerengera, ya kabaza yopitira kokaoda saiwerengera, mandasi amene ana atola m'mawa popita kusukulu saawerengeranso. Madzulo ya ndiwo imachoka m'kabeseni momwemo. Pakutha mwezi mpamba wachepa, iye n'kumati malonda avuta. Mlangizi wabwino amayamba ndi kope wamba: tsamba lina zolowa, lina zotuluka, ndipo mwini bizinesi adzilembere malipiro ake ngati wantchito. Amaphunzitsanso kuika mtengo poyang'ana ndalama imene mukaodere katundu mawa, osati imene munaodera dzulo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anagulitsabe pa mtengo wakale anatsala ndi ndalama m'manja koma yosakwana kudzazanso mashelefu.

Poyambira papafupi ndi ku khonsolo. Kumeneko kuli ofesi yoona zamalonda, imene ingakuuzeni za kalembetsedwe ka bizinesi, za ziphaso, za makopaletivu komanso maphunziro amene akubwera m'boma lanu. Bungwe la SMEDI, limene pano likutchedwa SMEDCO, linakhazikitsidwa kuti lithandize mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati, ndipo lili ndi malo ophunzitsira ku Mponela m'boma la Dowa. Maphunziro ena amalipiritsa, ena amakhala atalipiridwa kale ndi mapulojekiti, choncho funsani msanga. Magulu a COMSIP nawo amaphunzitsa mamembala kusunga ndalama ndi kuyendetsa geni, ndipo kwa ambiri kumudzi sukulu yake ndi imeneyo.

Ku MRA, bungwe lotolera misonkho, anthu amaopako ngati kupolisi, komatu kutenga nambala ya msonkho ya TPIN n'kwaulere, ndipo ali ndi anthu amene ntchito yawo ndi kuphunzitsa za msonkho. Madobadoba amadyera pa mantha amenewa. Popanda TPIN simungapikisane nawo pa matenda a boma, ndipo makampani ambiri sangakuguleni katundu.

Okonza chiponde, uchi, juwisi kapena sopo apite ku Malawi Bureau of Standards, bungwe loyeza ubwino wa katundu, asanasindikize zomata pamabotolo awo. Kuyezetsa katundu ndi kupeza chizindikiro kumafuna ndalama, koma kufunsa zofunika sikulipiritsa, ndipo kumapulumutsa munthu kumanga chipinda chophikira chimene adzauzidwe kuti agumule.

Chimene ndimadana nacho ndi chizolowezi chofunsa za alawansi maphunziro asanayambe. Kukakhala kulibe, mipando imakhala yopanda anthu, ngakhale phunziro lake ndi lomwelo limene alangizi apadera amagulitsa modula. Mukamapita, tengani kope lanu, malisiti a katundu amene munaoda ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba a mwezi wonse, kuti mlangizi awerengere pa manambala anu enieni.