Nthaka yosagona ndi mkangano wa malo awiri a LIGO

Mu Meyi 2025 boma la United States linapereka ndondomeko ya bajeti yofuna kuti pa malo awiri a LIGO, makina akuluakulu omvera mafunde a mphamvu yokoka ochokera kumlengalenga, pazigwira ntchito amodzi okha. Nkhaniyi inabwera patatsala miyezi yochepa kuti pakwane zaka 10 chichokere pa 14 Seputembala 2015, tsiku limene makinawa anamva koyamba mafunde a mphamvu yokoka ochokera ku ma black hole awiri amene anaombana (black hole ndi chinthu cha kumlengalenga chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikungachithawe). Cholinga chinali kudula ndalama. Asayansi anati malo amodzi sangakwane. Kuti munthu aweruze bwino, ayenera kudziwa kaye mbiri ya nthaka imene makinawa akhalapo.

Malo amodzi ali ku Hanford m'boma la Washington, ena ku Livingston m'boma la Louisiana, motalikirana makilomita pafupifupi 3,000. Paliponse pali mapaipi awiri a makilomita 4 opanda mpweya, ndipo kuwala kwa laser kumapita ndi kubwerera pakati pa magalasi olendewera. Funde likamadutsa, mtunda wa pakati pa magalasi umasintha pang'ono kwambiri, kuchepera kutali kukula kwa proton imodzi, kachidutswa kakang'ono ka mkati mwa atomu. Koma nthaka sigona. Ngakhale tsiku labata, mafunde a m'nyanja zakutali amaigwedeza ndi mphamvu yoposa pamenepo kosayerekezeka. Magalasi akasuntha mopitirira, kuwala kumasokonekera, makina amasiya kumva, ndipo kuwabwezeretsa kumadya nthawi.

Mabuku olembera anthu wamba amakonda kuyambira pa 2015 ndi mphoto ya Nobel ya 2017 imene analandira Rainer Weiss, Barry Barish ndi Kip Thorne. Malipoti a mainjiniya amaloza kwina, ndipo ine ndimawakhulupirira kwambiri chifukwa analembedwa vuto lili mkati. Livingston yazunguliridwa ndi nkhalango za paini zodulidwa matabwa. Makina atayamba kuyesedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, zinapezeka kuti mitengo ikamagwa ndi magalimoto olemera akamayenda, magalasi sankakhazikika. Malo amene anadya ndalama zambiri chotere ankagwira ntchito makamaka usiku, odula mitengo atapita kwawo, ndiye sitima ya pamtunda ikadutsa n'kusokonezanso.

Mu 2004 anaika makina otchedwa HEPI pansi pa zonyamula magalasi. Zipangizo zomvera kugwedezeka zimayeza mmene nthaka yasunthira, kenaka makina oyendera mphamvu ya zamadzimadzi zopanikizidwa amakankha chonyamulacho mbali ina kuti kusunthako kufafanizike. Kale ankadalira masipuling'i ndi zitsulo zolemera kuti zimeze kugwedezeka. Tsopano makina anayamba kuyankha nthaka nthawi yomweyo. Livingston inayamba kugwira ntchito masana. Kwa ine apa ndi pamene zinthu zinatembenukira, chifukwa LIGO yokonzedwanso inamangidwa pa nzeru yomweyi: magalasi a makilogalamu 40, olendewera pa magawo anayi otsatizana, gawo lomaliza pa ulusi wa galasi wopyapyala wa mamilimita 0.4, ndipo pamwamba pake pali nsanja zodziwongolera zokha.

Ku Hanford mdani ndi mphepo. Ndi chipululu chopanda mitengo, ndipo mphepo ikawomba nyumba zazikulu za makinawa, pansi pamapendekeka pang'ono. Chipangizo chomvera zivomezi sichisiyanitsa bwino kupendekeka ndi kusuntha cham'mbali, choncho chimanamiza makina kuti akonze vuto lomwe palibe. A ku University of Washington anapanga zipangizo zoyeza kupendekeka kokha, ndipo mipanda yotchinga mphepo inamangidwanso kumapeto a mapaipi.

Zivomezi zikuluzikulu, ngakhale za tsidya lina la dziko, zimafika ndithu. Chabwino n'chakuti uthenga umathamanga kuposa mafunde a m'nthaka, amene amayenda makilomita pafupifupi 3.5 pa sekondi. Pulogalamu ya Seismon imachenjeza oyang'anira, ndipo m'nyengo yofufuza ya 2019 mpaka 2020 anayamba kusintha kagwiridwe ka makina chivomezi chisanafike: m'malo molimbana ndi nthaka, amalola zonse kuyendera limodzi ngati bwato pa funde, n'kumangosamala kusiyana kwa pakati pa magalasi. Sizithandiza pa chivomezi chilichonse. KAGRA ya ku Japan, yomwe imagwira ntchito ngati LIGO, yomangidwa pansi pa phiri ku Kamioka, inaonongeka ndi chivomezi cha ku Noto pa 1 Januwale 2024.

Apa ndi pamene mkangano wa bajeti umakhudza nthaka. Mu 2015 funde linafika ku Livingston, n'kufika ku Hanford patapita mamilisekondi pafupifupi 7 (magawo 7 mwa magawo 1,000 a sekondi), ndipo kugwirizana kumeneku kunathandiza kutsimikiza kuti si mtengo wogwa kapena mphepo. Pa 17 Ogasiti 2017, nyenyezi ziwiri za neutron (zotsalira zolemera kwambiri za nyenyezi zimene zinaphulika) zitaombana, phokoso la makina linadetsa uthenga ku Livingston, koma Hanford inaumva bwino. Pa 25 Epulo 2019 zinasinthana: Hanford inali yozimitsidwa, Livingston ndiyo inamva, ndipo popanda malo achiwiri othandiza kuloza kumene funde lachokera, dera la kumwamba lofunika kufufuza linakula kwambiri moti matelesikopu sanapeze kuwala kochokera kumeneko.