Kampani ya mafoni ikakhululukidwa mlandu usanazengedwe

Munthu akamaimba foni kapena kutumiza uthenga pa intaneti, mawu ake amadutsa kaye m'mawaya ndi m'makina a kampani asanafike kwa mnzake, choncho boma lililonse lofuna kumva zimene nzika zake zikukambirana liyenera kugogoda pakhomo pa kampaniyo. Ife amene timagwira ntchito ya zamalamulo timaona kuti pakhomo pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse. Kodi kampani ikatsegulira boma popanda chilolezo cha khothi, angaifunse ndani? Dziko la America linayankha funso limeneli mu 2008, ndipo ine ndimaona kuti linayankha molakwika.

Nkhaniyi inayamba kale. Mu 1975 komiti ya aphungu a nyumba ya Senate, yomwe ankaitsogolera Frank Church, inavumbula kuti kwa zaka pafupifupi 30 makampani a Western Union, RCA ndi ITT ankapereka kwa akazitape a boma matelegalamu amene anthu ankatumiza ndi kulandira kuchokera kunja. Zimenezi zinabala lamulo la FISA la 1978, lomwe linakhazikitsa khothi lapadera lopereka chilolezo boma likafuna kumvetsera munthu pa zifukwa za chitetezo cha dziko. Malamulowo anapatsa munthu womvetseredwa mosayenera ufulu wosuma ndi kulandira chipukuta misozi, koma anatetezanso kampani: ngati yalandira chilolezo cha khothi, kapena kalata ya mkulu wa zamalamulo m'boma yotsimikiza kuti zonse zofunika m'malamulo zatsatidwa, palibe amene akanaisumira. Owerenga asunge mfundo imeneyi, chifukwa ikusonyeza kuti kampani yochita zinthu mwadongosolo inali kale ndi chishango chake.

Zigawenga zitapha anthu pa 11 Sepitembala 2001, Pulezidenti George W. Bush analoleza mwachinsinsi bungwe la akazitape la NSA kuti lizimvetsera mafoni ndi mauthenga ena osapita kukhothi lija. Anthu anadziwa zimenezi mu Disembala 2005, nyuzipepala ya New York Times itazilemba. Posakhalitsa Mark Klein, katswiri wa mawaya yemwe anagwirapo ntchito ku kampani ya mafoni ya AT&T, anatulutsa zikalata zokhudza chipinda nambala 641A m'nyumba ya kampaniyo pa msewu wa Folsom ku San Francisco. Iye anafotokoza kuti pa zingwe zonyamula mauthenga a intaneti panaikidwa chida chogawa kuwala pawiri, kotero kuti chilichonse chodutsa pamenepo chinkakoperedwa n'kupita m'chipindacho, osasankha kuti uyu akukayikiridwa, uyu ayi.

Mu Januwale 2006 bungwe lomenyera ufulu wa anthu pa intaneti la Electronic Frontier Foundation linasumira AT&T m'malo mwa makasitomala ake, pa mlandu wodziwika kuti Hepting. Milandu ina inatsatira mpaka kufika pafupifupi 40, ndipo inasonkhanitsidwa pamaso pa woweruza Vaughn Walker. Boma linapempha kuti mlandu wa Hepting uthetsedwe ponena kuti kuuzenga kuulula zinsinsi za dziko, koma mu Julayi 2006 woweruzayo anakana. Apa m'pamene boma ndi makampani anatembenukira ku nyumba ya malamulo.

Lamulo losintha FISA, lomwe Bush anasaina pa 10 Julayi 2008 aphungu a Senate 69 atalivomereza ndipo 28 atalikana, ndilo linatseka milanduyo. Barack Obama, yemwe pa nthawiyo anali phungu, anali m'gulu la ovomereza. Kagwiridwe ka ntchito ka lamuloli n'kofunika kukamvetsa bwino, chifukwa silinanene kuti kumvetsera kuja kunali kololedwa. Linangoti mlandu uthetsedwe mkulu wa zamalamulo m'boma akatsimikizira khothi chimodzi mwa zinthu zingapo, monga chakuti kampani sinathandize boma n'komwe, kapena chakuti pakati pa 11 Sepitembala 2001 ndi 17 Januwale 2007 inalandira pempho lolembedwa lonena kuti Pulezidenti waloleza ndipo nkhaniyo yaonedwa kuti ndi yovomerezeka. Woweruza ankayenera kuona ngati umboni wa zimene mkuluyo watsimikiza ulipo basi, ndipo ankatha kuuona yekha, odandaula osadziwa chimene chalembedwa. Mwa njira imeneyi, boma lomwe linapempha ndi lomwenso linatsimikiza kuti pempho lake linali loyenera. Michael Mukasey, yemwe anali mkulu wa zamalamulo m'boma pa nthawiyo, anapereka chitsimikizocho chaka chomwecho, milandu inathetsedwa mu Juni 2009, khothi la apilo linagwirizana nazo mu 2011, ndipo mu 2012 khothi lalikulu la dzikolo linakana kumva nkhaniyo.

Amene ankaikira kumbuyo lamuloli anali ndi mfundo zomveka, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Iwo ankati makampani anathandiza ndi mtima wabwino pa nthawi imene dziko lonse linali ndi mantha, ankati chipukuta misozi cha makasitomala mamiliyoni chikanafika mabiliyoni a madola, ndiponso ankati kampani ikalangidwa lero idzakana kuthandiza mawa pakadzagwa zoopsa zenizeni. Koma kampani yolandira chilolezo choyenera sikanalangidwa, monga taonera kale. Chikhululukiro cha 2008 chinkafunika kokha pamene njira ya m'malamulo inalambalalidwa. Ndipo kukana kunali kotheka, chifukwa kampani ya Qwest, malinga ndi zimene zinalembedwa mu 2006, inakana kupereka mndandanda wa mafoni a makasitomala ake itaona kuti boma silinabwere ndi chilolezo cha khothi. Ngakhale nkhawa ya ndalama inali ndi mankhwala ake: aphungu ena anapereka maganizo akuti boma lilowe m'malo mwa makampani monga woimbidwa mlandu kuti milandu ipitirire, koma maganizowo anagonja.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi phunziro limene loya aliyense wa kampani anatolapo. Akazitape akafika ndi pempho, munthu amene akumvetseredwa sakhalapo ndipo sadziwa n'komwe, choncho womuyankhulira yekhayo m'chipindamo ndi loya wa kampani, amene amafunsa kuti chilolezo chili kuti. Chimam'patsa mphamvu yofunsa si ubwino wa mtima wokha ayi, koma kudziwa kuti kampani yake idzalipira ikalakwitsa. Akaona kuti amene anavomera anakhululukidwa pambuyo pake, zimamuvuta kutsimikizira mabwana ake kuti kukana boma kuli ndi phindu lililonse.

Ena ankati anthu akhoza kusumirabe boma lenilenilo, ndipo anayesadi. Mlandu wa Jewel wotsutsana ndi NSA unayamba mu 2008 ndipo unatha mu 2022 khothi lisananene ngati kumvetsera kuja kunali kovomerezeka kapena ayi. Makhothi anati odandaula alephera kusonyeza kuti mauthenga awo enieni anagwidwa, pamene umboni wotsimikizira zimenezo unali m'manja mwa boma, lomwe linati ndi chinsinsi cha dziko.